Wodwala wa pa Khadi

"Muno mukagwa, amama, dzukani nokha. Osakamba kwa munthu."

Anandichenjeza choncho mayi ena a ku Chipata, Lamulungu langa lachiwiri m'dziko lino la azungu, titatuluka m'tchalitchi n'kutsikira m'chipinda chapansi momwe amaikamo tiyi. Anandikokera pomwe anthu amapachika majekete, n'kutsitsa mawu. Akuti kuno nkhalamba ikagwa kamodzi amangolemba. Ikagwa kawiri amabwera ndi fomu. Kachitatu amaitenga kupita nayo kunyumba zosungira okalamba, kumene chitseko chimatseguka ndi nambala, ndipo wokhalamo nambalayo samuuza.

"Manje osaina ni ana anu omwe," anatero, akundifinya mkono.

Mayiwo sindinawakhulupirire, pakuti ine sindikhulupirira munthu. Koma mawu awo ndinawasunga. Zaka zanga zonse za ntchito ndinali wotayipa makalata pa ofesi ina ya boma kwathu, ndipo ndinaona anthu akusamutsidwa ndi mzere umodzi wa papepala, wotayipa mzerewo ndili ine ndemwe, mwini wake ali panja akuseka ndi anzake osadziwa kanthu. Zimene zalembedwa za iwe ndizo zimatsala. Zimene wanena pakamwa zimapita ndi mphepo.

Ndimakhala ku Etobicoke, m'nyumba ya mwana wanga wamkazi, pansanjika yachisanu ndi chinayi. Ndege zokatera ku bwalo zimadutsa pafupi moti masiku oyamba ndinkawerama ndili m'khitchini. Mwana wangayo amanyamuka m'mamawa, mabasi awiri, kukagwira ntchito ku Brampton. Ntchito yake? Kusamala nkhalamba m'nyumba zomwe zija. Nditamufunsa mozungulira za zitseko za nambala, anaseka.

"Amayi, anthu amadikira zaka kuti apeze malo kumeneko. Palibe amene angakutengeni."

Ine mumtima ndinati: ohoo, ndiye kuti pali mzere, ndipo iwe ukuudziwa. Dzina langa lili pati?

Chizungu ndimachidziwa, ndinachitayipa moyo wanga wonse. Koma chifikire kuno ndinkakhala ngati sindimva. Munthu akamaganiza kuti sukumva, amayankhula zonse uli pompo.

M'nyumbamo timakhalanso ndi mdzukulu wanga wamkazi, wobadwira konkuno, wa zaka zopitirira makumi awiri. Chichewa chake n'cha zigamba. Moni wake n'kundipsompsona pamutu akudutsa kupita ku fuliji. Ine ndimamutcha mkazi mnzanga, monga timachitira kwathu ndi adzukulu, ndipo tsiku limene amayi ake anamumasulira mawuwo anaseka mpaka kutsamwa ndi madzi. Amagwira ntchito pa ambulansi. Ntchito imeneyo ili ndi makwerero ake. Iye anali atakwera loyamba: kunyamula munthu, kumanga mabala, kupereka mpweya, kupopa chifuwa mtima ukaima. Chaka chatha anayamba maphunziro a gawo lapakati, lobaya mtsempha n'kuika diripi, lowerenga mizere imene makina amajambula kuchokera mumtima, ndi lodziwa mankhwala opereka m'galimoto momwemo asanafike kuchipatala.

Ndinadziwa kuti maphunzirowo ayamba tsiku limene ndinadzuka ku tulo ta masana n'kupeza mkono wa munthu uli patebulo lodyera, wodulidwa m'phewa, mitsempha ili tototo. Ndinakuwa dzina la Yesu. Unali wa labala. Mdzukuluyo anali ataugoneka pathaulo langa, akuubaya ndi singano, pafupi naye pali mnzake wa kukoleji, mtsikana wamtali wa ku Brampton amene makolo ake ndi a ku India.

"Agogo, sore, sore! Tikungopulakitisa."

"Patebulo podyera? Mkazi mnzanga, ukufuna undithamangitse pabanja pano ndi mankhwala?"

Loweruka lotsatira anandipempha kuti ndikhale wodwala wawo. Mkono wa labala suyankha mafunso, ndipo mayeso awo aakulu anali oti afike pa munthu, amufunse, amuyeze, adziwe chochita, aphunzitsi akuyang'ana. Kachitidwe kawo kanali kotere. Mmodzi ankagwira khadi, ndiye mphunzitsi wa tsikulo. Pakhadipo pankalembedwa matenda ndi manambala onse. Winayo, wa ambulansi, akanena kuti "ndikuyeza kugunda kwa mtima," wa khadi ankangomuwerengera nambala, iye n'kupitiriza. Wodwala ankapatsidwa kapepala kakeko konena zoti adandaule, ndipo kanga mdzukuluyo ankandinong'oneza m'Chichewa chake chija.

Ndinavomera, koma ndinaika lamulo.

"Mafunso funsani mmene mungathere. Koma dzanja langa ayi. Lamba wanu wa BP ayi. Kachipangizo kanu ka pachala ayi. Ndikangoona chida, masewera atha."

Mnzake uja anafunsa chifukwa chake. Mdzukulu wanga anamuyankha m'Chizungu kuti kwathu wamkulu akanena wanena, ndipo manambala ali pakhadi kale, palibe vuto. Amayi ake anamulera bwino pamenepo. Ndinadalira ulemu umenewo ngati loko.

Chifukwa chenicheni chinali chakuti panthawiyo n'kuti nditagwa kale kamodzi.

Sindinapunthwe. Ndinali kutsuka mano m'bafa, dzuwa litakwera, m'nyumba ndili ndekha. Ndinangomva ngati ndili m'chikepe chimene chikutsika mothamanga, m'maso munayamba kuda kuchokera m'mbali, kenako ndinatsitsimuka tsaya lili pamatailosi ozizira, mswachi uli kunsi kwa sinki. Sindikudziwa kuti ndinagona pamenepo nthawi yaitali bwanji. Ndinadzuka ndekha, monga anandiuzira. M'chiuno munatupa n'kuda, koma chitenje sichiulula.

Masabata awiri oyamba ndinadwala za eni. Ndinathyoka mwendo pamasitepe, ndinalumidwa ndi njuchi. Loweruka lachitatu kapepala kanga kanati: mayi wachikulire, chizungulire. Basi, mawu awiri. Ndinakhala pampando ndikuyang'ana atsikana awiriwo atavala magolovesi a buluu m'chipinda chochezera, ndipo nzeru inandibwerera. Bwanji ndiwapatse zanga, ndimve chigamulo, dzina langa lisanalembedwe paliponse?

"Mukumva bwanji lero, mayi?" anafunsa mdzukuluyo, ndi mawu ake a kuntchito.

Ndinamuuza za chikepe. Ndinamuuza za mdima woyambira m'mbali, za matailosi, za mswachi. Iye ankamasulira, mnzakeyo n'kumayang'ana pakhadi, n'kutembenuza kuseri, n'kuseka.

"Izi palibepo apa. Agogo akowa akanakhala a zisudzo."

Atamaliza ndinafunsa ngati wongocheza. "Wodwala ameneyu mumapita naye kuti?"

"Kuchipatala, agogo."

"Akatuluka?"

"Zimatengera. Ngati amakhala yekha masana, ngati wagwa kangapo, amabwera anthu kudzaona ngati angathe kukhala pakhomo."

Mayi a ku Chipata aja sananame. Ndiyeno awiriwo anatembenukirana n'kumakambirana m'Chizungu, poganiza kuti agogo abwerera ku zoluka zawo. Mnzakeyo anati munthu wogwa chonchi, wosapunthwa, choyamba n'kumva kugunda kwa mtima. Ngati kukuchedwa, ndiye kuti mtima ukudumpha, ndipo tsiku lina ungadumphe osabwereranso. Mdzukulu wanga anavomera, akulemba m'kope.

Kuyambira tsiku limenelo ndinali ndi mantha awiri, ena kutsogolo ena kumbuyo. Ndikanena, fomu. Ndikapanda kunena, matailosi. Onse akachoka m'mawa ndinkaima pawotchi ya pachitofu, zala zili pamkono monga ndinawaonera, ndikuyesa kuwerenga. Zala zanga n'zouma, sizinkamva kanthu. Nthawi zina ndinkapeza kugunda kumodzi, n'kudikira kwina, n'kudikira, mpaka mantha omwewo n'kundisokoneza chiwerengero. Ndinasiya kukhoma chitseko cha kubafa. Ndinasiya kusamba m'nyumba mukakhala mulibe munthu. Ndinkayenda m'mbali mwa khoma ngati mphemvu.

Kachiwiri ndinagwa m'khitchini. Mwamwayi ketulo ndinali nditaiika pansi, m'manja munali kapu yokha, ya maluwa achikasu, imene mdzukuluyo amamwera tiyi. Inasweka zidutswa zinayi. Ndinazikulunga m'nyuzipepala n'kukaziponya ndekha kudzenje la zinyalala la pakhonde, kuti zisaoneke m'bini ya m'nyumba. Mwana wanga atafunsa za kapuyo ndinati sindikudziwa, koma m'nyumba mukamalowa alendo Loweruka lililonse zinthu zimayenda. Ndinasiya kuti aganizire mtsikana wa ku Brampton uja, mwana amene ankandibweretsera maswiti a kwawo. Mulungu andikhululukire.

Ndipo pali chinthu chimene mpaka lero sindichimvetsa. Loweruka lililonse, kaya kapepala kanene chiyani, wodwala wanga ankagwa. Wa shuga anagwa m'bafa. Wa mphumu anagwa m'khitchini.

"Munali mutanyamula kanthu, mayi?"

"Kapu," ndinatero. "Ya maluwa achikasu. Inasweka."

Mawuwo anatuluka okha. Ndinaluma lilime. Koma mdzukuluyo anangomasulira, mutu uli m'kope, n'kunena kuti akuyeza kugunda kwa mtima, mnzake n'kumuwerengera nambala yabwinobwino ya pakhadi. Ndinapuma. Pamodzi ndi kupumako ndinamva kaukali kena kamene sindinakayembekezere. Mwana uyu, wophunzira zonsezi, ali pafupi nane chonchi, ndipo sakuona?

Mayeso awo anachitika Lachitatu lina, chipale chofewa chikusungunuka m'misewu. Mdzukuluyo anabwera masana, nsapato zili chonyowa, osandipsompsona. Anaimbira foni amayi ake ali pakhomo pomwepo, m'Chizungu. Walephera. Mafunso onse anafunsa, mankhwala anatchula olondola, koma mphunzitsi anamuimitsa pakati. Akuti mphindi zingapo zinatha iye asanamukhudze wodwalayo, atangoima n'kumanena kuti akuyeza, kudikira kuti wina amuwerengere nambala. Akuti anamuuza kuti pamsewu palibe khadi. Anamupatsa mwayi umodzi wokha wobwereza.

Ine ndinali pampando wanga ndi zoluka, ngati sindikumva. Ndinadziwa amene anamuphunzitsa kuima patali ndi wodwala, Loweruka ndi Loweruka, m'chipinda chomwe chino.

Anapita kukhitchini kukapanga tiyi. Ndinamva kabati ikutseguka, koma sindinamve ikutsekeka. Panapita nthawi.

"Agogo, kapu yanga ya maluwa ili kuti?"

"Funsa mnzako."

Ndege inadutsa. Kenako anatulukira, wopanda tiyi, n'kuchita chinthu chimene amayi ake anamuumiriza kwa zaka iye n'kumati maondo amamupweteka. Anagwada pakapeti, maondo onse awiri. Anatambasula dzanja lamanja, lamanzere litachirikiza pachigongono, ngati mwana wolangizidwa bwino wa kumudzi.

"Mwaswera bwanji, agogo?"

Mtima wanga unasungunuka. Ndinaganiza kuti kulephera kwamufewetsa, wakumbukira kwawo. Moni sakana. Ndinamupatsa dzanja.

"Ndaswera, kaya iwe, mkazi mnzanga?"

"Ndaswera." Anafunditsa dzanja langa ndi lake lamanzere, manja awiri, ulemu wonse. "Nanga kumudzi ali bwanji?"

"Ali bwino, anaimba Lamulungu."

"Azakhali ali bwanji?"

"Miyendo ija, koma akuyenda."

"Amalume ali bwanji? Ana a amalume? Mvula ili bwanji?"

Kwathu moni wotere ulipo, wogwirana dzanja mpaka mudzi wonse utatha, ndiye ndinkayankha mokondwa, ndikumukonza pomwe walakwitsa. Anafunsa za abusa. Anafunsa za chimanga. Anthu atamuthera anafunsa za nkhuku, pamene kunyumba kwathu nkhuku zinatha iye asanabadwe. Apo m'pamene ndinamuyang'ana bwino. Maso ake sanali pa ine, anali pawotchi ya pakhoma kumbuyo kwanga. Ndipo zala ziwiri za dzanja lamanzere lija zinali zitatsetsereka, zili pamkono panga, pamunsi pa chala chachikulu, zikukanikiza pang'ono.

Ndinakoka dzanja. Sanalisiye.

"Agogo, moni sunathe."

"Wakuba iwe! Wandibera ndi ulemu!"

Anadikira mpaka muvi wa wotchi utafika pomwe ankafuna. Kenako anandiyang'ana m'maso n'kuyankhula Chizungu, pang'onopang'ono, osamasulira. Anati akudziwa kuti ndimamva zonse, anadziwa kalekale, chifukwa ndimaseka nthabwala za pa TV zisanamasuliridwe. Anati mtima wanga sukufika ndi makumi anayi omwe pamphindi. Anafunsa kuti ndagwa kangati.

"Wa pakhadi uja anagwa kawiri."

"Inuyo, agogo."

"Katatu," ndinatero. Kachitatu kanali Lolemba, pakhonde, pafupi ndi chikepe, ndipo palibe anaona.

Katatu. Nambala yomwe ija.

Anatulutsa foni ndi dzanja limodzi, linalo lisanandisiye. Ndinamuuza kuti akaimba, ine m'nyumba muno sindidzabwereramonso, ndipo adzakhala iye wondipereka. Misozi inali m'masaya mwake koma mawu sanagwedezeke. Anati kukana ndi ufulu wanga, a ambulansi sanyamula munthu wanzeru zake amene wakana, ndipo iye sangandinamize kuti fomu sidzabwera. Koma anatinso akandisiya, tsiku lina adzabwera kuchokera kuntchito n'kundipeza m'bafa, ndipo zimene waphunzira zonse zidzakhala zochedwa.

"Ndiye muzasankha, agogo. Koma ine sinichoka pano." Anabwerera ku Chichewa chake chokhota, akadali chogwada.

Ndinamuuza kuti andipatse kiyi wanga wa pakhomo. Ndinamumanga pangodya ya chitenje, mfundo ziwiri. Ndiyeno ndinati imba.

Anabwera awiri, bambo wa ndevu zaimvi ndi mayi wachichepere. Mdzukulu wanga anaima n'kuwafotokozera ndi mawu amene sindinkawadziwa, achidule, opanda mantha: zaka zanga, kugwa katatu, kusapunthwa, kugunda kwa mtima. Atafuna kundimata tizomata ta makina pachifuwa, anapempha kuti achite mayiyo, iye n'kutambasula chitenje china kutchinga bamboyo. Makinawo anatulutsa kapepala katali. Ngakhale ine ndinaona kuti timapiri take tinali totalikirana, pakati pali chigwa chachitali. Bamboyo anachiyang'ana, n'kuyang'ana mdzukulu wanga, n'kugwedeza mutu kuti wagwira ntchito. Diripi anandibaya ndi bamboyo, pamkono weniweni, mdzukuluyo ataika manja kumbuyo poti sinali ntchito yake tsikulo, koma milomo yake ikutsatira chilichonse.

Kuchipatala anandiika kabatire pansi pa khungu, kumunsi kwa phewa lamanzere, kokumbutsa mtima ukaiwala. Chikepe chija chinasiya kutsika. Mwana wanga anafika ndi yunifolomu ya kuntchito, analira, kenako anakalipa.

"Amayi, ine munkandiona ngati ndani?"

Yankho linalipo koma silinali labwino.

Tsiku lotuluka, fomu inabwera. Anaibweretsa mayi wina waulemu, wa nsapato zosamveka poyenda. Ndinamuyankha m'Chizungu, poti chinsinsi chinali chitatha kale. Anafunsa ngati ndimaphika ndekha, ngati ndimasamba ndekha, ngati m'bafa muli pogwira. Anafunsa kuti masana ndimakhala ndi ndani. Ndinati ndekha. Cholembera chinayenda. Kenako anafunsa ngati pali anthu amene amabwera kudzandiona ana akakhala kuntchito.

"Ambiri," ndinatero. "A kumpingo, a kwathu, a ku Zambia. Chitseko sichipuma."

Anamwetulira, n'kulemba. Anati zimenezo n'zabwino kwambiri, ndipo pakatha masabata angapo adzabwera kunyumba kudzaona mmene zikuyendera.

Ndiye ndili pano, kiyi ndinamumasula, ndili pampando wanga. Mdzukuluyo anabwereza mayeso n'kukhoza, ndipo tsopano amagwira maola khumi ndi awiri kutali, mbali ina ya mzinda. Mtsikana wa ku Brampton ndinamuitana n'kumuuza za kapu. Anaseka, koma maswiti sanabweretsenso. Mayi a ku Chipata aja anasamukira kwa mwana wawo kumzinda wina, ndipo sindinawafunse ngati iwo eni anaonapo munthu amene anatengedwa. A kuchipatala anandipatsa kachingwe ka pakhosi kokhala ndi batani loti ndidine ndikagwa. Ndimakavala, ngakhale sindikudziwa amene amamvetsera kumbali inayo.

Koma mzere uja unalembedwa, ndipo ine ndikudziwa kuti zolembedwa amazitsatira. Zoona zake n'zakuti pakhomo pano sipabwera munthu. Ndinawathamangitsa ndekha. Amayi a kumpingo atabwera chaka choyamba ndinayankhula nawo tcheni cha pachitseko chili chokoweka. Wina anandiyamikira makatani, ine n'kuganiza kuti akuwerenga zipinda. Wina anandilukira mpango, ndinaubweza. Inu amene mukuwerenga izi, ena mwa inu ndinu omwewo, mukudzidziwa.

Sindikudziwa kupepesa bwino, ndiye ndingopempha. Mukamadutsa ku Etobicoke masana, pochokera kuntchito ya m'mawa kapena podikira basi ina, kwerani mudzandizonde. Mwana wanga akuuzani khomo lake mukamufunsa kutchalitchi. Musabwere nonse tsiku limodzi, gawanani, kuti mayi wa fomu akadzafika tsiku lililonse apeze nsapato zachilendo pakhomo. Gogodani katatu, muime pomwe kabowo ka pachitseko kangakuoneni, mutchule kwanu. Chakudya musanyamule, chimene sindinaone chikuphikidwa sindidya, tiyi ndipanga ndekha. Ndikakufunsani kuti wakutumani ndani, musakwiye. Ndikachedwa kutsegula, dikirani, ndikukuyang'anani kaye. Koma mukagogoda katatu, n'kubwerezanso katatu, osamva ngakhale mapazi anga m'katimo, musapite kwanu n'kumati agogo aja ayambanso. Imbani foni.